Mabeneti a pa nkhondo ziwiri zija: kuwazindikira, kupewa achinyengo ndi kulimbana ndi dzimbiri

Mbewe_Zomba

Akuluakulu, mvula yayandikira, ndipo ino ndiyo nyengo imene mabeneti ambiri amawonongeka, ena ndi chinyezi, ena ndi eni ake omwe polimbana ndi dzimbiri. Ndiye tiyeni aliyense aponyepo zimene akudziwa. Ndiyamba ndi Pattern 1907, beneti ya mfuti ya SMLE, Lee-Enfield ija asilikali a KAR (King's African Rifles) ankanyamula.

Musanaipukute n'komwe, iyezeni. Mpeni wake ndi mainchesi 17, pafupifupi masentimita 43, ndipo yonse pamodzi ndi chigwiriro imafika masentimita 55. Ili ndi ngalande uku ndi uku, koma yakuthwa mbali imodzi. Mukatero yang'anani pa tsinde la mpeni, pamene chitsulo chili chafulati chisanalowe m'chopingasa. Mbali imodzi pali chisoti chachifumu, pansi pake ER kapena GR. ER ndi Edward VII amene anamwalira mu 1910, GR ndi George. Kenako pali 1907. Ambiri amasokera pomwepa: 1907 si chaka chimene inasulidwa, ndi dzina la mtundu wake. Chaka chili m'munsi mwake, manambala awiri otalikirana, monga 8 ndi '17, kutanthauza Ogasiti 1917. Pansi penipeni ndiye dzina la fakitale.

Mukaitembenuza mupeza kachidindo ka muvi kooneka ngati phazi la nkhuku, kusonyeza kuti ndi katundu wa boma la Britain. Pali X, wosonyeza kuti mpeniwo anaupinda pouyesa ndipo unabwerera bwinobwino. Palinso tizidindo ta oyendera ntchito, kachisoti, nambala ndi chilembo. Zaka zina zobalalika monga '22 kapena '35 ndi pamene inabwerera kosungira zida, n'kuyenderedwa, n'kuperekedwanso. Mukaona mivi iwiri yogundana nsonga, boma linaigulitsa, sinabedwe.

Zonsezi n'zosazama, mwina theka la milimita. Sandipepa amazifufuta pa mphindi ziwiri.

Gondwe wa ku Karonga

Zikomo a Mbewe. Ndiwonjezere za mafakitale, chifukwa mtengo umasiyanira pamenepa. Wilkinson anapanga oposa 2 miliyoni, Sanderson nayenso ochuluka zedi, ndiye amenewa ndi wamba. Chapman, amene nthawi zina amangolemba JAC, ndi EFD ya ku Enfield ali pakatikati. Mole ndi wosowa. Vickers ndiye wosoweratu, anapanga pafupifupi 10,000 basi, ndipo dzinali anthu amalidinda mwachinyengo pa mipeni ina atapala dzina lenileni. Yalani rula pa tsinde la mpeni n'kuyang'ana ku dzuwa. Ngati pansi pa rula pakudutsa kuwala pamalo pomwe pali dzina, papalidwa.

China ndi ngowe. Zoyambirira zinali ndi ngowe yopindikira kutsogolo pa chopingasa, yomwe anatengera ku beneti ya ku Japan ya Type 30. Mu 1913 analamula kuti ngoweyi ichoke, ndipo zambiri zomwe zinali kale m'manja mwa asilikali anazidula. Choncho yangowe yeniyeni ndi yodula kwambiri, ndipo owotcherera akudziwa zimenezo. Ya ku Britain yolembedwa 1916 kapena 1917 koma ili ndi ngowe, ngoweyo ndi yochita kumata. A ku Lithgow ku Australia okha ndi amene anapitiriza nayo mpaka 1915. Onaninso kabowo kakang'ono kumutu kwa chigwiriro, kotulutsira dothi. Kanayamba mu 1916. Ngowe ndi kabowoka zikakhala pa beneti imodzi, funsani mafunso ambiri musanatulutse ndalama. Powotcherera sipabisika: chitsulo chimasiyana mtundu, pamakhala timaenje ta mpweya, ndipo tupa amasiya mizere yatsopano pakati pa chitsulo chakale.

Che Jafali

Ndipo musaisokoneze ndi Pattern 1913. Patali zimafanana ndithu, mpeni ndi womwewo. Koma ya 1913 ili ndi mizere iwiri yozama yodula matabwa a chigwiriro mopingasa, anaiika dala kuti msilikali azindikire ndi dzanja ngakhale mumdima. Mphete yake ili patali ndi msana wa mpeni chifukwa imavala pa mpope weniweni wa mfuti ya P14. Ya 1907 mphete ili pafupi, ndipo sivala pa mpope, imavala pa kachitsulo kobulungira kali pansi pa kamwa la mfuti. Zambiri za 1913 anapanga ndi Remington ndi Winchester ku America. Sizilowana, musakakamize.

Tembo_Chipata

Ine funso langa lili pa mbiri. Wogulitsa aliyense masiku ano akuti yake ndi "ya KAR", mwinanso "ya pa nkhondo ya ku Karonga". Chimatsimikizira n'chiyani? Chifukwa kuno nakonso aliyense akuti yake ndi ya Northern Rhodesia Regiment.

Gondwe wa ku Karonga

Achimwene a Tembo, yambani ndi kalendala. Nkhondo ya pa Karonga inachitika pa 9 Seputembala 1914. Beneti yolembedwa 1917 singakhale kuti inaliko, ngakhale wogulitsa alumbire motani. Chaka chokhachi chimagwetsa nkhani zambiri.

Chachiwiri ndi zilembo za gulu la asilikali, zomwe pa mabeneti a Britain zimakhala kumutu kwa chigwiriro, pamodzi ndi nambala ya pa shelefu ya kosungira zida. Zambiri zilibe, zili ndi nambala yokha. Popanda zilembo zimenezi kapena mapepala a mwini wake, chimene munganene moona n'chakuti ndi mtundu umene KAR inkagwiritsa ntchito. Kupitirira apo ndi nthano. Kumbukiraninso kuti beneti inali katundu wa boma, msilikali ankayenera kuibweza potuluka usilikali.

Kumbali ya Ajeremani, asilikali awo achikuda mu 1914 ambiri anali ndi mfuti yakale ya Mauser ya 1871, ya wonga wotulutsa utsi wambiri, ndi beneti yaifupi ya 71/84, mpeni wa masentimita 25. Zina zili ndi zilembo Sch.D.O.A. ndi nambala. Zilembo zimenezi zimakweza mtengo kwambiri, choncho ziyang'aneni ndi galasi lokulitsira: m'kati mwa chilembo chakale mumakhala mwakuda mofanana ndi chitsulo chozungulira, ndipo m'mphepete mwake munaperepeseka. Chodindidwa dzulo chimatukula milomo yakuthwa, chikhadabo chimakodwa.

Musadabwenso kupeza ya Chipwitikizi m'madera omwe munadutsa Ajeremani. Mkulu wa asilikali awo, Von Lettow-Vorbeck, atawoloka mtsinje wa Rovuma mu Novembala 1917 analanda mfuti zambiri kwa Apwitikizi pa Negomano, ndipo asilikali ake anayenda nazo mpaka anakagonja ku Abercorn, Mbala ya lero, mu Novembala 1918. Beneti ya mfuti ya Vergueiro ya 1904 imalembedwa Simson & Co, Suhl, chifukwa inasulidwa ku Germany ngakhale inali ya Portugal. Ambiri amaiyesa ya gulu la nkhondo la Germany chifukwa cha dzinalo.

Nangondo

Ndidule pakamwa pang'ono, abambo. Popeza mwatchula malo omenyerapo nkhondo, tisalimbikitsane kukumba. Lamulo la Monuments and Relics Act sililola kufukula zinthu zakale kapena kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo, ndipo za zimenezi amayang'anira ndi a Department of Museums and Monuments. Chikatuluka chokha polima, lembani malo enieni, chijambuleni chili pomwepo, muwadziwitse a ku Chichiri kapena ku nyumba ya zakale ya ku Karonga. Ndipo pomwe patuluka beneti pakhoza kukhala zipolopolo kapena bomba losaphulika. Zimenezo sizigwiridwa, amaitana apolisi.

Mbewe_Zomba

Mwanena zoona mayi. Zimene tikukamba pano ndi za m'nyumba, za pa msika ndi zogula kwa otolera anzathu.

Phiri_Joni

Kuno ku Joni za 1907 zambiri zili ndi chilembo U chokhala ndi muvi m'kati, cha Union of South Africa. Za ku Australia mudzaona Lithgow, MA kapena OA, ndipo pa thabwa pamalembedwa SLAZ ndi chaka, kampani ya Slazenger ija ya zamasewera. Za ku India ndi RFI, fakitale ya Ishapore. Amwenye pa nkhondo yachiwiri anadula zambiri kufika mainchesi 12, n'kupanganso zatsopano zazifupi zopanda ngalande. Yodulidwa ndi boma la India ndi yovomerezeka, ili ndi malo ake pa shelefu. Imadziwika chifukwa ngalande imakafika mpaka kunsonga. Yodulidwa kumudzi ndi sowo nsonga yake imakhala yopendekeka ndipo chimake sichigwirizana nayo.

Koma ndimafuna ndikambe za chisonga, beneti ya mfuti ya No.4, chifukwa woyamba kumene ayenera kuyambira pamenepa. Ndi yotchipa, ilibe thabwa, ilibe chikopa, ndipo mitundu yake ndi inayi yokha. Chisongacho ndi mainchesi 8.

Mk I ili ndi ngalande zinayi, mukaiyang'ana kunsonga imaoneka mtanda. Anapanga ndi Singer yekha, wa makina osokera uja, ku Clydebank ku Scotland, 75,000 basi mu 1941 ndi 1942. Imalembedwa GR, No 4 Mk I, ndi SM. Mk II ndi yobulungira, yosulidwa kuchokera ku chitsulo chimodzi, ndipo ilipo yambirimbiri: Singer yemweyo pa nambala yobisa ya N67, Long Branch ya ku Canada, ndi Savage ya ku America yomwe chizindikiro chake ndi S wa makona. Mk II yokhala ndi kanyenyezi ndi ya zidutswa ziwiri, chisonga cholowetsedwa m'tsinde, ndipo polumikizira pamaoneka. Mk III ndi ya Joseph Lucas, M158, yowotchereredwa mwachangu kuchokera ku timalata. Ndi yonyansa kuiona, koma musaitaye poganiza kuti ndi ya pa galaja. Inatuluka m'fakitale ili choncho.

Chinyengo chili pa Mk I. Amatenga Mk II, n'kuisema ngalande zinayi pa makina, n'kufufuta I mmodzi. Ndiye yamtanda iliyonse yolembedwa Long Branch kapena S wa Savage ndi yabodza, palibe zokambirana. Ikalembedwa N67 ikayikireninso. Yang'anani kutsogolo kwa Mk I ngati pali kamalo kosalala kuposa pena ponse, pomwe panali I wachiwiri.

NaBanda_Leeds

A Phiri mwasiya No.5, ya mfuti yaifupi ija ya m'nkhalango yomwe inatuluka mu 1944. Imeneyi ndiye yadzadza ndi zabodza pa intaneti. Mpeni wa mainchesi 8 wopindikira kunsonga, mphete yaikulu chifukwa imavala pa chobisa moto cha kukamwa kwa mfuti. Zenizeni zakale ndi WSC kapena S294 ya Wilkinson, VNS kapena N79 ya Viners, N187 ya Radcliffe, M78 ya Elkington, ndi P wa m'kati mwa bwalo wa fakitale ya Poole. Zopangidwa posachedwa matabwa ake amatuluka kunja kwa chitsulo kapena kuperewera, ngalande imayamba mokhota, ndipo batani limagwedera. Zambiri amazidinda RFI. Dziwaninso kuti mfuti ya Sterling inkagwiritsa beneti yomweyi, choncho zina ndi zenizeni ndithu koma za pambuyo pa nkhondo.

Kwa amene mukufuna kuitanitsa kuchokera kuno: kukhala nayo m'nyumba n'kololedwa, koma kuyenda nayo poyera popanda chifukwa chomveka ndi mlandu pansi pa Criminal Justice Act ya 1988, ndipo sagulitsa kwa wosakwana zaka 18. Pa ndege imalowa m'chikwama chachikulu chopita kunsi, osati cha m'manja. Makampani ambiri otumiza katundu amaikana, ndiye funsani musanalipire wogulitsa. Ikafika kumudzi ionetseni kwa a kasitomu, ndipo ndi bwino kufunsiratu ku MRA ndi kupolisi isananyamuke. Osalemba pa phukusi kuti "chida cha kumunda". Akatsegula mwataya katundu ndi mbiri yanu yomwe.

Jere

Tilowe ku Germany pa nkhondo yachiwiri, beneti ya 84/98 ya mfuti ya K98k. Mpeni masentimita 25, ilibe mphete, pamsana pa chigwiriro pali kalata koteteza thabwa ku moto wa mfuti, chimake ndi chachitsulo. Chigwiriro chimakhala cha thabwa kapena cha Bakelite, pulasitiki yolimba yakale, zonse n'zolondola.

Apa nkhani yonse ndi nambala. Pa tsinde la mpeni pali nambala, kawirikawiri ndi kachilembo pansi pake, mwachitsanzo 4821 ndi d. Pa chimake payenera kukhala nambala yomweyo, chilembo chomwecho, fakitale yomweyo, chaka chomwecho. Zinayi zonse. Zikasiyana si yabodza ayi, asilikali ankasinthanitsa, koma mtengo umatsika kwambiri. Kuyambira 1934 mafakitale ankabisika pa nambala yoyamba ndi S, ndipo chaka chinali chilembo, K ndi 1934, G ndi 1935. Kenako kwa zaka zochepa analemba mayina poyera, ndipo kuyambira 1940 anayamba zilembo zing'onozing'ono: asw ndi Hörster, cof ndi Eickhorn, cvl ndi WKC, fnj ndi Coppel, onsewa a ku Solingen. Kumutu kwa chigwiriro kuli kachiwombankhanga ndi WaA ndi nambala ya woyendera.

Achinyengo amapala nambala ya pa chimake n'kudinda yogwirizana ndi mpeni. Chimake ndi lata lopyapyala, ndiye chikadindidwa popanda chitsulo m'kati chimabonyoka pozungulira manambala. Yerekezaninso maonekedwe a 1, 4 ndi 7 pa mpeni ndi pa chimake, akhale a dzanja limodzi.

Ziwiri zosokoneza: ya ku Czechoslovakia ya VZ24, yomwe kuthwa kwake kumayang'ana m'mwamba ikavala pa mfuti, ndi zonyezimira za nikelo zomwe asilikali ankagula okha zovalira pa tchuthi. Zonyezimirazo sizinapite ku nkhondo, zina sizivala n'komwe pa mfuti.

Che Jafali

Tsopano za dzimbiri, pakuti kuno kunyanja ndiye kwawo. Pali mitundu iwiri ndipo osaisokoneza. Lofiira, lofumbutuka, losiya utoto pa chala, ndi lamoyo, likudya chitsulo, lichoke. Lakuda kapena lofiirira mosalala, losachoka pa chala, ndi khungu la ukalamba. Limenelo lisiyeni, ndi limene wogula wodziwa amafuna kuona.

Kachitidwe kake nkotere. Kulungani matabwa ndi pulasitiki n'kumanga ndi tepi, koma tepi isakhudze thabwa. Pakani mafuta a makina osokera pamalo a dzimbiri, musiye usiku wonse. Ngati lakakamira, nyowetsani kansalu ndi palafini, mukulunge mpeni wokha tsiku limodzi kapena awiri. M'mawa palani timatuza ta dzimbiri ndi kachidutswa ka mkuwa, kapaipi kophwanyidwa kunsonga kamakwana. Mkuwa ndi wofewa kuposa chitsulo, ndiye umathyola dzimbiri osakanda mpeni, ndipo mzere wachikasu umene umasiya umachoka ndi mafuta. Mukatero tengani steel wool wa 0000, womizidwa m'mafuta, muzipukuta motsata utali wa mpeni, osazungulira, dzanja lopepuka. Wotsukira mapoto ndi wokhakhala kwambiri, ameneyo ayi. Pukutani ndi nsalu yoyera pafupipafupi. Nsalu ikasiya kufiira, imani pomwepo, ngakhale mpeni ukuoneka wakuda. M'zilembo gwiritsani kamtengo kotokosera m'mano.

Pomaliza chotsani mafuta onse ndi spirit, dikirani iume, mupake phula la Renaissance pang'ono kwambiri, kuchuluka kwa njere ya mpunga kumakwana mbali imodzi, n'kupukuta pakapita mphindi zochepa. Likasowa, Vaseline wopyapyala pa chitsulo chokha amagwira ntchito, kungoti amakola fumbi.

Zosayenera kuyandikira beneti: galayindala, sandipepa, burashi ya waya ya pa makina, viniga, mandimu, zakumwa za kola, asidi wa batire, mchenga ndi phulusa. Asidi amadya chitsulo chabwino pamodzi ndi dzimbiri, n'kusiya mpeni wotuwa wa timaenje, ndipo utoto wabuluu wa kufakitale umapita pa masekondi. Mafuta ophikira amauma n'kukhala ulimbo. Oyilo wakale wa injini ali ndi asidi.

Tembo_Chipata

Che Jafali, pa WD-40 simunanenepo. Anthu ambiri amadalira yomweyo.

Che Jafali

Pofewetsa dzimbiri ndi pochotsa madzi ndi yabwino. Posungira ayi, ndi yopepuka, imauluka pa masabata ochepa n'kusiya chitsulo pambalambanda. Ndipo ikalowa m'thabwa imalidetsa mpaka kalekale.

Jere

Ine pa zakuda zija sindikugwirizana nanu kwathunthu. Pali mipeni ina yoti dzimbiri lakwera mpaka zilembo sizikuoneka. Pamenepo magetsi amathandiza. Malita 4 a madzi, supuni imodzi yaikulu ya washing soda, tchaja ya batire ya 12V. Waya wakuda ku beneti, wofiira ku chitsulo chachabechabe, ziwirizi zisagundane m'madzimo. Mukasemphanitsa mawaya beneti ndi imene imadyeka. Chitsulo cha stainless musachiike ku waya wofiira, chimasiya poizoni m'madzi. Chitirani panja chifukwa mpweya wotuluka umayaka. Maola angapo, kenako burashi ya pulasitiki, kutsuka, kuumitsa msanga ndi phula.

Nangondo

A Jere, njirayo ndi ya chitsulo chomwe chatsala chokhachokha, chopanda thabwa, chopanda utoto wa kufakitale. Pa china chilichonse imawononga zambiri kuposa zimene imapulumutsa. Thabwa likamira m'madzi a soda limafufuma n'kung'aluka pouma, ndipo kuti mulichotse mpaka mumasule masikuluwu omwe sanagwedezeke zaka 100. Manati ake ambiri ali ndi mpata wofuna sikuludiraiva ya mano awiri. Ya wamba imaterereka n'kutafuna mitu, ndipo wodziwa akangoona mitu yotafunika amadziwa kuti munthu analowamo. Ngati matabwa sakugwedera, musawamasule.

Za chikopa. Chimake cha 1907 ndi chikopa chosokedwa kumbuyo, chitsulo kukamwa ndi kunsonga, zogwidwa ndi timawaya topinda. Chikopa chimakoka chinyezi ndipo mankhwala ofufutira amadya chitsulo, choncho posunga nthawi yaitali mpeni ukhale kunja, chimake pambali pake. Vuto n'lakuti chimake chopanda kanthu chimafota ndi kupindika. Semani kathabwa kouma kofanana ndi mpeni, kocheperako pang'ono, mulowetsemo. Ngati chinafota kale ndipo mpeni ukutsala mamilimita angapo kuti ulowe wonse, usiyeni choncho. Mukaumenya ulusi umaduka kapena chitsulo cha kunsonga chimathothoka. Ponyamula gwirani pakati, osati kunsonga, pakuti chikopa chouma chimathyokera pomwe chakumana ndi chitsulo.

Osachimwetsa mafuta. Mafuta ambiri amachifewetsa mpaka kulephera kuima, amawoletsa ulusi ndipo amaitana chuku. Fumbi lichoke ndi burashi yofewa, phula pang'ono pamwamba, basi. Chuku chikagwa, chiumitseni pamthunzi podutsa mphepo, muchipukute panja, kenako kansalu konyowa pang'ono ndi spirit, mutayesa kaye pamalo obisika. Chikopa chikayamba kusanduka fumbi lofiira ndiye kuti chafa, palibe mafuta ochidzutsa, chepetsani kuchigwira. Zobiriwira zomera pomwe mkuwa wakhudza chikopa zichotseni ndi kamtengo, zouma.

Malo osungira: chinyezi chikhale pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Chikapitirira 65 chuku chimayamba, chikatsika kwambiri chikopa chimang'aluka. Kogwiritsa kuyezera chinyezi n'kotchipa, kaikeni m'kabati momwemo. Silica gel wosintha mtundu amathandiza ngati kabati ikutsekeka bwino, ndipo akakhuta muumitseni mu uvuni pa 120°C kwa maola awiri. Osapachika pa khoma lakunja, osakulunga m'nyuzipepala, m'jumbo kapena m'siponji. A ku Mulanje ndi Thyolo musapusitsidwe kuti mvula ikatha mwapulumuka, chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimanyowetsa chimodzimodzi. Mukagwira mpeni ndi manja pukutani nthawi yomweyo. Thukuta limasiya chidindo cha chala chomwe sichichokanso.

Phiri_Joni

Nanga tizilombo toboola matabwa, mayi? Timabowo tating'ono, ndi ufa pansi pake.

Nangondo

Ufa ukakhala woyera, watsopano, tilimo. Ikani beneti m'thumba la pulasitiki lolimba, tulutsani mpweya, tsekani, muike mufiriza ya -18°C kwa masabata awiri. Potulutsa musatsegule thumba mpaka patapita tsiku lathunthu, kuti madzi aundane kunja kwa thumba osati pa chitsulo. Magetsi akamazimazima firiza n'kumasungunuka, njirayi sigwira, tizilombo timazolowera. Mankhwala opopera mphemvu amadetsa thabwa ndipo safika m'kati. Kabati ikhalenso yotalikira pansi ndi khoma chifukwa cha chiswe.

Tembo_Chipata

Zikomo. Ndiponyepo ziwiri zomwe zili ndi njira yomveka yofikira kwathu kuno, popeza asilikali a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia anamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi Abyssinia mu 1940 ndi 1941, kenako ndi Ajapani ku Burma mu 1944 pansi pa 11th East African Division.

Ya Italy ndi ya mfuti ya Carcano ya 1891, mpeni masentimita 30, nambala yoyamba ndi zilembo pa chopingasa, dzina monga Terni kapena Brescia pa tsinde. Pali ina yaifupi ya 1938 yomwe mpeni wake umapindikira m'chigwiriro. Zambiri za mtundu umenewu anazikhomerera pambuyo pake kuti zisamapindike, ndiye musalimbane nayo.

Ya Japan ndi Type 30, mpeni masentimita 40, nambala ili kumapeto kwenikweni kwa chigwiriro. Pa tsinde palibe dzina, pali chizindikiro. Mabwalo anayi olowana ndi Tokyo, pambuyo pake Kokura. Pakakhala chizindikiro chachiwiri pambali, ndi kampani imene inapatsidwa ntchitoyo, monga Toyoda kapena Matsushita. Zoyambirira zili ndi ngowe, ngalande ndi chimake chachitsulo. Nkhondo ikupita kumapeto ngowe inachoka, ngalande inachoka, matabwa anayamba kuwakhomerera ndi marivet, mutu wa chigwiriro unakhala wa makona, ndipo chimake chinasanduka cha thabwa chomangidwa ndi chingwe kapena timalata. Zoterezi ndi zenizeni ngakhale zikuoneka zosalongosoka. Zochenjera nazo ndi za ana asukulu zophunzirira perete: chitsulo chofewa, zopanda chizindikiro cha fakitale, ngalande yosalunjika.

Mbewe_Zomba

Pa zimenezi mapepala ndi amene amalankhula. Ngati banja lili ndi beneti pamodzi ndi mendulo ya Africa Star kapena Burma Star, buku lotulukira usilikali, kapena chithunzi, zisalekanitsidwe. Wogula mendulo yekha n'kusiya beneti wawononga zonse ziwiri. Lembani dzina, nambala ya usilikali ndi batalioni m'kope, beneti muipatse nambala pa kakhadi komangirira ndi ulusi. Osalemba pa chitsulo, osamata sitika pa chikopa.

Ndipo zonoledwa kumudzi, zomwe zasenga udzu ndi kusenda mbuzi zaka makumi angapo, musayese kuzibwezera maonekedwe ndi tupa. Chitsulo chinapita. Muzigule motsika ngati zilembo zikuwerengeka.

Gondwe wa ku Karonga

Funso lomaliza kwa Che Jafali, lomwe limabwera kawirikawiri: batani lomasulira likauma, kapena mpeni ukakanirira m'chimake chachitsulo?

Che Jafali

Safunsa anadya phula, a Gondwe, mwachita bwino. Batani limauma chifukwa cha girisi wakale ndi dothi m'ngalande ya kumutu kwa chigwiriro, momwe mumalowa chitsulo cha mfuti. Yambani mwakokota ngalandeyo ndi kamtengo ka nsungwi, mudzadabwa zotulukamo. Imikani beneti mutu pansi kuti mafuta asatsikire ku matabwa, dontheza limodzi kapena awiri a mafuta olowerera mbali zonse za batani, m'mawa ndi madzulo, masiku atatu kapena anayi. Kenako ikani kathabwa pa batani n'kugogoda pang'onopang'ono ndi hamala yaing'ono. Likasuntha ngakhale pang'ono, onjezani mafuta, muzilikankha ndi chala mpaka litamasuka. Pulayara imasiya mano, ndipo moto umapha sipuling'i ya m'kati.

Chimake chachitsulo chimagwira mpeni ndi timalata ta sipuling'i tili kukamwa kwake. Thirani mafuta pamenepo, muiimike nsonga pansi masiku awiri kuti atsike. Mukatero kulungani chimake ndi nsalu yokhuthala, wina achigwire zolimba, inu muike kathabwa pansi pa chopingasa n'kumagogoda molunjika kunja, mbali iyi kenako inayo. Osapotokola, nsonga imathyokera m'kati. Pa vaisi chimake chimabonyoka n'kuwonjeza kugwira. Oonerera asaime kumene chigwiriro chaloza, chifukwa ikamasuka imatuluka mwadzidzidzi. Ngati chimake ndi chachikopa mafuta asalowemo, ingoisiyani m'kabati ya silica gel sabata imodzi n'kuyesanso ndi manja.